Mfuti Imodzi ya Anthu Awiri

Pa chitseko cha firiji ya amalume ku Oshawa, tauni ya kutsidya kwa nyanja, panali chithunzi cha mfuti. Chinali chodula m'magazini, ndipo chinkagwidwa ndi kamaginito kooneka ngati chisononkho cha chimanga. M'mbali mwake chinali chitada ndi mafuta, chifukwa amalume akaweruka ku fakitale ankaima pamenepo ndi kapu ya madzi, asanasambe n'komwe, n'kumachiwongola ndi chala chachikulu. Mfutiyo inali yaitali, yowonda, thako lake la mtengo wofiirira wamizeremizere ngati mlombwa wopaka vanishi. Amayi ankati chithunzicho chinalowa m'nyumbamo iwo asanalowe.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Amayi anali atatsogola kalekale kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ine n'kutsala kumudzi kwathu ku Ntchisi mpaka mapepala anga atatheka. Nditafika tinkakhala m'zipinda zapansi m'nyumba ya amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anachoka kwathu ndili wakhanda. Ndinali mwana wamanyazi. Chingerezi changa chinali cha m'buku la kusukulu, ndipo anzanga a m'kalasi ankalankhula ngati mvula ya matalala pa malata. Ndinkayankha kuti inde funso lisanathe. Ndinkatsuka mbale zimene sindinadyere. Ndikaganiza lero, ndinkakhala m'nyumba ija ngati mlendo woopa kuti wina akumbukira zoti alipo.

Amalume sanali munthu wolankhulalankhula, koma ukaima nawo pafupi ndi firiji ija, pakamwa pawo pankamasuka. Ankati imeneyi ndi twente-thu, mfuti ya tinyama ting'onoting'ono. Anandifotokozera kuti chipolopolo chake n'chochepa ngati kapensulo kotsala pang'ono kutha, ndipo kachitsulo ka m'kati mwa mfuti sikamenya pakati pa chipolopolo monga zichitira mfuti zikuluzikulu, kamamenya m'mphepete mwa chigoba, momwe muli mankhwala oyatsa wonga. N'chifukwa chake eni ake amati rimufaya, kutanthauza kuyakira m'mphepete. Sikankha phewa, sigonthetsa m'khutu, ndipo siwononga ndiwo. "Ena amafuna phokoso," ankatero. "Ine ndikufuna gologolo alowe mumphika ali wathunthu."

Kwathu ankasaka ndi agalu ndi chibonga, tchire likapsa. Kuno amalume anayenera kuphunzira, kulemba mayeso, n'kudikira laisensi. Kabati yachitsulo yosungiramo mfuti anali ataigula kale, ndipo inangoima kuseri kwa makina ochapira, yokiya bwinobwino, m'kati mulibe kanthu. Chilimwe chimenecho laisensi inafika. Ananditengera inenso ku maphunziro a ana ofuna kusaka, ndipo mayeso ndinakhoza, pakuti kuloweza ndinkadziwa. Lamulo la kuno limati mwana wa msinkhu umenewo akalowa m'tchire ndi wamkulu, mfuti ikhale imodzi, azilandirana. Amalume anandiuza zimenezi akugogoda chithunzi chija ndi chikhadabo. Anati masamba akayamba kufiira tidzaigula, ndipo tidzapita ku munda wa makolo a mnzawo wa kuntchito, kumpoto kwa tauni, ife awiri.

Mawu akuti ife awiri ndinkagona nawo. Chifikireni, palibe amene anandiwerengera pa awiri.

Panali chinthu chimodzi chimene amalume sankachidziwa. Ine ndinabadwa wamanzere. Aphunzitsi anga a Sitandade 1 anali ndi rula yamatabwa yakuda ndi thukuta, ndipo ankayenda nayo pakati pathu titakhala pansi. "Cholembera kumanja, manzere kumbuyo," ankatero, rula n'kugwa pa mfundo za zala. Sindiwasungira mangawa, nawonso anaphunzitsidwa choncho. Kunyumba amayi sankalankhula zambiri. Ndikatambasula dzanja lolakwika polandira chinthu kapena potapa ndiwo, ankalimenya pang'ono n'kunena kuti, "Dzanja lija." Mawu awiri okhawo. Pofika Sitandade 4 ndinali kulemba, kudya ndi kupereka moni ndi dzanja lamanja, mwaulemu ndiponso mochedwa. Lamanzere linkagwira ntchito ndikakhala ndekha, kudambo, ndi legeni.

Tisanagule mfuti yathu, mnzawo wa amalume wa kutchalitchi, wochokera ku Chipata, anatitengera kumalo ophunzirira kuwombera ndi twente-thu yake. M'galimoto anakangana njira yonse. Iye ankati amalume agule mfuti yodzilowetsa yokha chipolopolo, yoti ungokhethemula, n'kukhethemulanso. Ankatamanso ina ya chipolopolo chochepa kwambiri koma chothamanga, choti chimafika kutali. Amalume anakana zonse ziwiri. Yothamangayo, anati, imaphulitsa gologolo n'kukusiyira mchira. Yodzilowetsa yokha imaphunzitsa mwana kuwombera asanaganize. Iwo ankafuna ya mpiringidzo, yokhala ndi kachitsulo kam'mbali konga kotsekera chitseko, komwe umakweza, kukoka, kukankha ndi kutsitsa usanawomberenso. Pamene dzanja likuchita zimenezo, mutu umapeza mpata wofunsa ngati kuwomberanso n'koyenera.

Malo aja ankanunkha machesi ozima. Tizigoba tamkuwa tinkadumpha m'mfuti n'kulira pa simenti ngati tindalama. Atandipatsa mfuti ndinaiika paphewa lamanja, monga anandionetsera ndiponso monga aliyense pamzere uja ankachitira. Tsaya litakhudza thako lake, ndinaona kuti palibe chikulunjika. Khosi linkafuna kuwoloka kuti diso lamanzere lione. Ndikalitsinzina, lamanja linkachita misozi, kadontho kakuda ka papepala limene tinkawombera n'kumasambira. Chala changa chinali chouma ngati cha munthu wina. Ndinawombera mosamala kwambiri, monga ndinkachitira chilichonse, ndipo titapita kukaona, pepala linali loyera.

Mnzawo uja analikweza m'mwamba. "A mudala, ili mungalibweze ku sitolo, likali lanyowani," anatero. "Manje agologolo ba kuno bazafa chabe na ukalamba." Ndinaseka nawo, chifukwa wamkulu akaseka ndinkaseka.

Tinabwererako kangapo mwezi umenewo, ndipo sizinasinthe kwenikweni. Nthawi zina chipolopolo chinkaboola ngodya ya pepala. Amalume ankandikonza chigongono, kupuma, miyendo. Ndinkachita zonse ndendende. Tsiku lina pobwerera, titaima pa maloboti, analankhula osandiyang'ana. Sanali okwiya.

"Gologolo umamenya mutu, apo ayi umamusiya. Wolasidwa pamimba amakafera m'phanga, ndipo amalira. Mphwanga, ukapanda kumenya pepala, chaka chino utsala."

Ndinati inde.

Kuseri kwa nyumba kunali kabwalo kakang'ono ka mpanda wamatabwa. M'galaja ndinapeza chubu chakale cha njinga, ndipo mphanda ndinadula pa mtengo wa mapulo umene nthambi zake zinkagwera kwathu. Sindinapange legeni ija kuti ndiphunzire kuwombera. Ndinaipanga chifukwa ndinkafuna kumenya chinthu n'kuchiona chikugwa, ngakhale kamodzi. Linali Loweruka m'mawa, amayi ali kuntchito, amalume atangobwera ku shifiti, ndipo ndinkadziwa kuti agona. Ndinandandalika zitini za nyemba pa bokosi, kumbuyo kwake kuli khoma la galaja, ndinatola njere zolimba zogwa mumtengo wa aneba, n'kuyamba. Mphira inafika pa tsaya lamanzere yokha. Chitini chinagwa. China chinagwa. Thupi langa lonse linakhala ngati lafika kwawo.

Sindinamve chitseko chikutseguka. Nditatembenuka, amalume anali ataima pa masitepe atavala masilipasi, maso ali ofiira ndi tulo. Dzanja langa lamanzere linathawira kumbuyo lokha. Anatsika, anatola zitini, anayang'ana pamene zinatiwanika, n'kuzibwezera pa bokosi. Anati ndibwerezenso. Ndinasinthitsa manja, n'kukoka ndi lamanja, ndipo njere inakamenya khoma.

"Osati choncho," anatero. "Monga muja unali wekha."

Ndinachita monga muja ndinali ndekha, nkhope ikutentha. Chitini chinagwa. Amalume anatola pepala la malonda limene mphepo inaliponya pampanda, analipinda ngati chitoliro, n'kundipatsa kuti ndiyang'anire mbalame imene inatera pa waya wa magetsi. Ndinalandira ndi manja awiri, mwaulemu, ndipo ndinaliika pa diso lamanzere osaganiza. "Ohoo," anatero. Analowa kukagona. Tsiku lonselo ndinakhala ndi mantha kuti akawauza amayi.

Sanawauze sabata imeneyo. Loweruka lotsatira anandiuza kuti ndivale jekete, tikupita kukagula mfuti.

Sitolo inali kunja kwa tauni, pakati pa minda ya chimanga chouma. M'kati munkanunkha mafuta a makina ndi nsapato zamphira. Wogulitsa anali mayi wa imvi, magalasi ake atalendewera pa chingwe. Amalume anamuonetsa laisensi, ndipo sanafunikire kuloza kawiri. Mfuti ya pafiriji ija inali pakhoma, yokongola kuposa chithunzi. Mayi uja anaitsitsa, anatsegula mpiringidzo kuonetsa kuti mulibe kanthu, n'kuwapatsa. Amalume anaiika paphewa, tsaya linagona pa mtengo uja, ndipo kwa kanthawi anatsinzina maso onse awiri. Anakweza mpiringidzo, anakoka, anakankha, anatsitsa. Unkalira ngati loko wabwino. Sindinawaonepo atagwira chinthu mwa njira imeneyo, ngakhale Baibulo.

Kenako anandipatsa ine, n'kunena kuti ndiike paphewa lamanzere.

Pamaso pa mlendo! Zinali ngati andiuza kuti ndivule malaya. Koma wamkulu anali atanena, ndiye ndinachita. Diso linapeza njira yake nthawi yomweyo. Koma mfutiyo inali yaitali kwa ine, ndipo mpiringidzo unali kutsidya, mbali yamanja. Kuti ndiugwire ndinayenera kuwolotsa dzanja pamwamba, mfuti n'kupendekeka. Mayi uja anati zimenezo si vuto. Amanzere ambiri amagwiritsa mfuti zamanja moyo wawo wonse, amangowolotsa dzanja, amazolowera, ndipo mwana akula, kutalikako kudzatha. Ankanena zoona, ndipo ine ndinagwedeza mutu mwamphamvu kuti amalume aone kuti ndikuvomera.

Amalume anafunsa ngati ali nayo ya mpiringidzo kumanzere. Mayi uja analowa kuseri n'kubwera ndi imodzi yokha. Inali yaifupi, thako lake la pulasitiki yakuda yosawala, ngati paipi yomangirira pa mpini. Palibe amene akanaidula m'magazini. Nditaiika paphewa, zonse zinakhala m'malo mwake: tsaya, diso, chala. Mpiringidzo unali pansi pa dzanja langa ngati unkandidikira. Ndinaopa kuti nkhope yanga yaonetsa, ndiye ndinaibweza msanga.

Amalume anaiyesa nawonso, paphewa lamanja. Inawachepera. Chigongono chinatuluka ngati phiko la nkhuku, mphuno inatsala pang'ono kukhudza chitsulo, ndipo pofuna mpiringidzo dzanja lawo linapapasa mbali yopanda kanthu. Mayi uja anawakumbutsa kuti mfuti ndi yawo, ndipo ndi iwo adzaigwiritse ntchito nthawi zambiri. Amalume anayang'ana ya mtengo ija, itagona pa kauntala, nthawi yaitali ndithu. Atalankhula, analankhula m'Chichewa, ngati akudziuza okha.

"Mwanayu wawolotsa dzanja kokwanira. Ndiwolotseko ine."

Anagula yakudayo. Galasi loyang'anira loika pamwamba pa mfuti anati lidikire, ndiyambe ndaphunzira ndi maso anga. Tinayamba ulendo wobwerera. Bokosi linali kumbuyo, lokiya, ndipo ine m'maganizo ndinkangoona manja awo pa mtengo wofiirira uja.

Madzulo amenewo amayi atabwera, akali m'yunifolomu, amalume anawauza kukhitchini. Ine ndinali pa masitepe otsikira kuchipinda kwathu, ndipo ndinamva zonse. Amayi sanadandaule za mfuti. Nkhani imeneyo anali ataimaliza kale ndi kabati yachitsulo ija. Anafunsa ngati achimwene awo akufuna kumasula zimene iwo anamanga zaka zonsezi. Anati tsiku lina mwanayu adzapita kumudzi, adzapatsa munthu wamkulu madzi ndi manzere, ndipo anthu adzati n'zimenezo, mayi wake anamusiya n'kupita kunja. Amalume anayankha kuti moni ndi madzi ndizipereka ndi dzanja lamanja monga mwa mwambo, palibe akuletsa. Koma mfuti sidziwa mwambo. Ikagwidwa ndi dzanja lobwereka, chimavutika ndi chamoyo.

Ndinamva mpando ukukokedwa. Kenako amayi analankhula motsitsa mawu.

"Ndinkamumenya pang'ono, achimwene, kuti kusukulu asakamumenye kwambiri."

"Ndikudziwa, achemwali," anatero amalume.

Titabwerera kumalo owombera aja, mabowo anga anasonkhana pamodzi pafupi ndi kadontho kakuda, moti chivindikiro cha botolo chikanawaphimba. Mnzawo wa ku Chipata anayang'ana pepala, anayang'ana ine, n'kunena kuti apite akachenjeze agologolo. Mabowo a amalume anali omwazika kuposa masiku onse.

Tinapita kutchire mu Okutobala, m'mawa wozizira, udzu uli mbuu ndi chisanu. Masamba ofiira ndi achikasu ankalira pansi pa nsapato ngakhale uyende mosamala bwanji. Mpweya unkatuluka m'kamwa ngati utsi. Tinakhala pansi titatsamira mtengo waukulu, mapewa athu atagundana, ndipo amalume anati tsopano ntchito ndi kukhala chete mpaka tchire litiiwale. Ntchito imeneyo ndinkaidziwa bwino kuposa mwana aliyense wa ku Oshawa.

Agologolo a kuno ena ndi akuda bii ndiponso onenepa. Mmodzi anatsika pa thunthu la mtengo patsogolo pathu, mutu pansi, n'kuima pa muzu ndi njere m'manja. Kumbuyo kwake kunali chitunda cha dothi, monga amalume anandiphunzitsira kuti ndiziyang'ana. Anandipatsa mfuti, ndipo ndinawombera. Phokoso lake linali laling'ono, ngati nthambi youma yothyoka. Gologolo anagwa pomwepo, osagwedezeka. Nditamutola anali wofunda kuposa manja anga, ndi kadontho kamodzi ka magazi kuseri kwa khutu. Sindinasangalale monga ndinkaganizira. Amalume anandigwira pakhosi kumbuyo ndi dzanja lawo lozizira, ndipo analisiya pamenepo kanthawi.

Dzuwa litakwera inafika nthawi yawo. Mbalame ina yonga nkhwali inatuluka m'zitsamba n'kuima poyera, pafupi kwambiri. Amalume anapinda khosi pa kamfuti kaja, anawombera, ndipo dothi linafumbuka pambali. Mbalame inangotukula mutu. Dzanja lawo linathamangira mbali yamanja, silinapeze kanthu, linawoloka pamwamba, linakodwa ndi lamba, ndipo pamene mpiringidzo unkatsekeka mbalame inali itauluka ndi mkokomo ngati injini. Amalume anaseka mpaka anakhala pansi pa masamba. Ine misozi inalengeza. Ndinkadziwa kuti mfuti ya mtengo ija sikanaphonya.

"Pepani, amalume," ndinatero.

"Pepani wa chiyani? Nyamula ndiwo, tizipita."

Kunyumba amalume anayala nyuzipepala pa tebulo la kukhitchini kuti andionetse kusenda. Amayi sanafune kuyang'ana gologolo uja poyamba. Ankati nyama yakuda choncho sanaionepo. Koma ndi iwo anatsegula dirowa n'kutulutsa kampeni kakuthwa. Anakatambasulira kwa ine. Ndinapereka dzanja lamanja, lamanzere litagwira pamkono monga anandiphunzitsira. Amayi sanakasiye kampeniko. Anaima choncho, akuyang'ana zala zanga, kenako anakasunthira mbali inayo.

"Dzanja lija," anatero.

Mfuti yakuda ija ili m'kabati yanga lero, ku North York, ndipo pulasitiki yake inasalala pamene tsaya la amalume linkagona. Anasaka nayo zaka zambiri, akuwolotsa dzanja, ndipo anafika poidziwa, ngakhale sanafike pomenya monga ankamenyera ndi mfuti za anzawo. Nditayamba ntchito ndinawatengera ku sitolo ija kuti ndiwagulire ya mtengo. Anaigwira, anaiyamikira, n'kuibweza. Anati dzanja linazolowera njira yake.

Koma zimenezo ndi za m'tsogolo. M'mawa wotsatira ulendo wa kutchire uja, nditakwera kukhitchini, chithunzi chinali chitachoka pa firiji. Kamaginito ka chimanga kanali katagwira pepala langa la mabowo osonkhana. Ine sindinaliyang'ane n'komwe pepalalo. Ndinkaona malo amene panali mfuti ya amalume, ndipo ndinatsimikiza kuti achotsa chithunzicho chifukwa chikuwapweteka mtima. Ndinafufuza m'bokosi la mapepala otaya mpaka ndinachipeza, chopinda pawiri pakati pa timapepala ta malonda. Ndinachiwongola pa bondo, ndinakachibisa m'buku langa la masamu, ndipo kwa masabata ambiri ndinkayenda mwakachetechete kuposa kale, kutsuka mbale, kukolopa masitepe, kudikira tsiku limene amalume adzandikhululukire. Iwo ankangobwera ku shifiti monga mwa masiku onse, n'kuima pa firiji ndi kapu ya madzi, asanasambe n'komwe, n'kumawongola pepala langa ndi chala chachikulu.